Ndowe pa Mchombo

Anthu a ku Edingeni ankanditcha wabodza chifukwa ndinawauza kuti kwathu ku Kasungu kuli mbewa zoti amuna awiri amanyamulizana pamtengo. Zilikodi, ndikulumbira. Vuto n'loti iwo sanapiteko.

Anali masiku aja galimoto ikafika pa boma la Mzimba, anthu ankathawira kutchire. Ine ndinkagwira ntchito pa kachipatala ka pomwepo, kutsuka mabala ndi kuwiritsa zitsulo. Dokotala wake anali mzungu wowonda kwambiri, moti akaima cham'mbali odwala ankafunsa kuti walowera kuti. Ataona kuti manja anga sanjenjemera, anandiphunzitsa kupaka mafinya pa kagalasi, kuwaumitsa pamoto, kuthirapo utoto, n'kuyang'ana m'makina oonera tizilombo.

Tsiku lina anthu anabweretsa mlimi amene anadzitema ndi khasu m'khola, nsagwada zitauma gwa. Kafumbata. Dokotala anatapa za m'balamo, n'kuziika m'botolo la msuzi wa nyama, n'kuthira mafuta pamwamba. Anati tizilombo timeneti timadana ndi mpweya, timakula pokhapo potsekeka. Titatsegula botolo patapita masiku, ntchentche zonse za m'chipindamo zinagwa chagada ndi fungo. Ndinazisesa ndekha. M'makina ndinaona timitengo tating'ono, kalikonse kali ndi mutu wobulungira kunsonga, ngati chibonga cha Mngoni. Mutuwo akuti ndiyo mbewu yake. Imagona m'dothi ndi m'ndowe zaka ndi zaka, dzuwa osaipha, kudikira bala.

Nthawi imeneyo mkazi wanga anali kwa mayi ake ku Edingeni, kudikira mwana wathu woyamba. Uthenga utafika kuti ndi wamwamuna, ndinayenda mothamanga mpaka chithunzithunzi changa chinafika mawa lake. Chinkandithamangitsa si chimwemwe chokha. Ndinkadziwa kuti kumeneko amapaka ndowe pa mchombo wa khanda kuti uume msanga.

Koma bambo salowa m'chikuta mchombo usanagwe. Ndipo mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso. Mukakumana panjira, umapatukira m'udzu. Woti andipititsire mawu anali mmodzi yekha, mlamu wanga, mkulu wake wa mkazi wanga. Tsoka lake, ine ndi iye tinkanyogodolana kuyambira tsiku la ukwati, monga achitira alamu.

Ndinamuitanira kuseri kwa nkhokwe. Ndinamuuza kuti pa mchombo asaikepo kanthu, chifukwa m'ndowe muli tizibonga tosaoneka ndi maso, topha mwana. Ndinalumbira, monga ndichitira nthawi zonse.

Anaseka mpaka kukhala pansi.

"Mbwenu alamu, tizibongato tili ndi zishango zakenso? Inu Achewa ng'ombe mwayamba kuzidziwa liti? Tonse tinapakidwa ndowe, onani mmene tanenepera."

Analowa m'nyumba kukafotokoza. Ndinamva amayi onse akuseka, ndipo pakati pawo ndinazindikira kuseka kwa mkazi wanga, kofooka koma kokondwa. Nanenso ndinaseka. Chimenecho ndicho chimandiluma mpaka lero. Chitseko chija chinali cha mapesi, ngakhale nkhuku inkachikankha n'kulowa. Ine ndinaima panja, kuopa kuti anganene kuti mkamwini wa ku Kasungu alibe mwambo.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri mwana analeka kuyamwa. Pamenepo anandiitana kuti ndilowe, ndipo za mwambo palibe anazitchulanso. Ndi mmene ndinamuonera koyamba. Tizibakera tatseka, kamsana kakupindika tambala akangolira panja. Kafumbata uja anali atakoka timilomo take ngati akumwetulira, ndipo mayi wina, pofuna kunditonthoza, anati mwanayo watengera bambo ake. Apongozi anali pakona, atafunda nsalu kumutu. Sindikudziwa ngati ankabisala chifukwa cha ine kapena mwanayo.

Mwanayo anatisiya patapita masiku awiri, dzuwa lili pamutu. Khanda lotere amakaika amayi okhaokha, popanda kulira mokweza. Manda ake sindiwadziwa.

Ndikunyamuka, mlamu wanga ananditsatira mpaka kumunda wa fodya. Anandipatsa kansanza kamene kanamanga mchombo, atakakulunga m'tsamba.

"Kaoneni," anatero, osandiyang'ana.

Nditabwerera ku chipatala, msuzi ndinaphika ndekha, kansanzako ndinaikamo ndekha, mafuta ndinathira ndekha. Dokotala anafuna kundithandiza, ndinakana. Tsiku lotsegula botolo tizibonga tija tinalimo, tambirimbiri, mitu yake ili bulungu. Dokotala anayang'ana kamodzi, n'kutuluka panja.

Mkazi wanga anabwera pa boma mwezi utatha. Sanafunse za nyumba kapena za kumunda. Anati akufuna aone chimene ndinaona. Ndinadikira odwala atachepa, ndinamukhazika pa mpando wa dokotala, n'kumusonyeza mmene angatsekere diso limodzi. Anayang'ana nthawi yaitali, manja ali pachifuwa pamene mkaka unali usanaphwe.

"Ndi kati mwa timeneti?" anafunsa.

Ndinati sindikudziwa. Anapitiriza kuyang'ana.