Ndinavulala pa Ngozi ya Ndege Imene Sindinakwere

Mwa anthu onse amene anavulala pa ngozi ya ndege ina yakalekale, imene inagwa ikungonyamuka kumene, ine ndiye womaliza, ndipo ndine ndekha amene ndikadali moyo. Kungoti ngoziyo inachitika agogo anga asanabadwe, ndipo ine ndinavulalira m'bafa mwa azakhali anga ku Woodbridge, kuno kutsidya kwa nyanja.

Unali mwezi wa Novembala. Nditagula tikiti yokaonera amayi ku Balaka patatha zaka zambiri, ndinapita kunyumba yoonetsera ndege zakale kuti ndikalimbe mtima. Kumeneko ndinawerenga za ndege ya matabwa ndi nsalu imene inathamanga bwalo lonse, n'kudzuka pang'ono, n'kukagwera m'mitengo. Akuti katundu anachuluka. Ine ndinaphunzirako uinjiniya chaka chimodzi, koleji isanagwirizane nane kuti tisiyane mwamtendere, choncho nkhaniyo ndinaimvetsa mopitirira muyeso.

Tsono Mmalawi wa kuno akamveka kuti akupita kumudzi, anthu oti sanamupatsepo moni amabwera ndi kaphukusi kakang'ono ka amayi awo: nsapato, mafuta odzola, majekete, ena mpaka mbale. Azakhali a Nachisale, omwe amandisunga ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba, sadziwa kukana. Ine ndinadzisankha kukhala woteteza ndege. Azakhali anati ndigule kasikelo ka m'manja kokolekapo sutikesi, ndinawayankha kuti injiniya sagula zidole. Ndinkachita zimene tonse timachita: kukwera pa sikelo ya m'bafa nditakumbatira sutikesi, kutsika, kukweranso ndekha, n'kuchotsera. Likabwera phukusi lina, kuyambiranso.

Tsiku lina ndikukweza sutikesi ndinamva ngati ulusi waduka mmunsi mwa mchombo, chakumanja. Madzulo ake panatuluka kachotupa kofewa. Ndikagona kankalowa, ndikatsokomola kankatuluka. Sindinauze munthu. Ndinkadziwa kuti azakhali akangomva, ulendo wafera pompo, pamene amayi anali atapentetsa kale chipinda changa. Ndinapitiriza kunyamula makatoni kuntchito ku Landover.

Ulendo utayandikira, chotupa chija chinakana kulowa. Chinauma gwaa, ululu unakula, ndinayamba kusanza. Azakhali anandipeza m'mawa ndili chopindika pakhomo la bafa. Sanafunse zambiri. Anandigwira pamimba, nkhope yawo inasintha, anatenga makiyi. Pa msewu waukulu wa I-95 magalimoto anali atangoti ndii, ndipo njira yonse iwo ankapemphera uku akukalipira madalaivala anzawo.

Kuchipatala ananditenga magazi, anandiika diripi, anandijambula m'mimba, kenako kudikira. Dokotala atabwera anati ndi heniya: thumbo linadutsa pamalo ofooka pa mnofu wa pamimba n'kupanikizika, moti magazi sankafikako bwino. "Mukanakwera ndege muli chonchi," anatero, "thumbo limeneli likanafa muli pamwamba pa nyanja, kopanda wokung'ambani." Anandichita opaleshoni tsiku lomwelo.

Masiku otsatira ndinkayenda pang'onopang'ono m'khonde la wodi, ndikukankha chitsulo cha diripi. Namwino aliyense ankabwera ndi funso limodzi, loti kodi ndatulutsako mpweya. Sindinaonepo anthu ophunzira akudikirira chinthu chotere ndi chidwi chonchija. Zitatheka, azakhali anathokoza Mulungu mokweza, wodwala wa bedi linalo mpaka anavomera.

Ndege yanga inanyamuka bwinobwino ine ndili chigonere. Chimene ndinkaopa kwambiri chinali kuimbira amayi. Azakhali anaimba okha n'kundiika foni pakhutu. Ndinayamba kupepesa za chipinda ndi za katundu, amayi anandidula. "Chipinda sichithawa, Yamikani. Ine ndikudikira mwana, sindikudikira masutikesi." Injiniya analira, koma tinagwirizana ndi azakhali kuti anali mankhwala.

Nditatuluka, madokotala anandiletsa kunyamula chilichonse cholemera kuposa botolo la mkaka. Azakhali ankandiveka masokosi, akunena kuti okalamba awo si amakani ngati ine. Eni maphukusi aja ankabwera kudzandizonda ndi zakudya. Aliyense ankafunsa za bala kaye, n'kudikira pang'ono mwaulemu, kenako n'kufunsa za nsapato za amayi ake.

Ku Balaka ndinapita nyengo ya Pasaka, ndi sutikesi imodzi. Chipinda chinali chitasiya kununkha penti, koma amayi anali pakhomo. Lero ndili bwino, ndinabwerera kuntchito, chatsala ndi chipsera basi.

Anzanga, chotupa chimene chimalowa ndi kutuluka musachisunge poopa kuphonya ulendo. Ndikanapita kuchipatala sabata yoyamba, akuti ikanakhala opaleshoni yaing'ono yopangana tsiku. Uzani munthu wa m'nyumba mwanu, ngakhale akhale wokalipa.

Za kuchipatala inalipira inshulansi ya kuntchito, zotsalazo anasonkha eni maphukusi omwe aja. Zotuluka m'thumba mwanga zinali za kasikelo ka m'manja kaja, kamene azakhali anakanitsitsa kundigulira. Madola asanu ndi atatu.