Ndowa za Bambo Ferrante

Bambo Aldo Ferrante anali munthu wachifundo koma wosamva za anzake, ndipo ziwirizi zikakumana mwa munthu mmodzi, pamagwa zovuta. Moyo wawo wonse ankayendetsa kasitima konyamula nzimbe kumpoto kwa chigawo cha Queensland. Atapuma pantchito, tsiku lawo linkathera kukamtsinje kakuseri kwa munda wawo, kamene kamakathira m'nyanja yamchere.

M'kamtsinjeko munali mitundu iwiri ya tinsomba ta utawaleza. Kumunsi kwa mathithi, m'madzi odekha a udzu, kunkakhala tazipsepse zofiira, tambirimbiri. Kumtunda, m'madzi ozizira othamanga pamiyala, kunali tamizere yagolide, tochepa, timene sitinkapezeka kwina kulikonse. Mathithiwo ndiwo ankatilekanitsa. Malemu akazi awo, Mayi Noelene, ankati tagolideto ndi ana awo, ndipo phulusa la mayiwo linawazidwa komweko.

Chaka cha chilala kumunsi kunaphwa. Tofiira tinkangophiriphitha m'matope, mbalame zikudzitolera. Ine, mnansi wawo, ndinawapeza akukwera chitunda ndi ndowa ziwiri zodzaza tofiira, thukuta lili kamukamu.

"Madala, muthyoka msana chifukwa cha nsomba zosadyedwa n'komwe," ndinatero.

"Iwe kasamale ng'ombe zako zoonda zija," anandiyankha akupuma wefuwefu. "Kumtundaku malo alipo. Noelene sankabweza mlendo pakhomo."

Tofiira tinapulumukadi. Tinaswana, kenako tinayamba kuberekana ndi tagolide. Patapita zaka zingapo, m'madzimo munadzaza tinsomba tosadziwika bwino, mizere yozilala, zipsepse zofiirira. Tagolide tenitenito tinkasowa chaka ndi chaka.

Palibe anawadzudzula, anazindikira okha. Analeka kubwera kumowa Lachisanu. Ankakhala pamwala ndi kaukonde ndi botolo, kuvuula kansomba kamodzi, kukayang'ana padzuwa, n'kukabwezera m'madzi. Zinkandipweteka mtima kuona munthu wamakani chotere atafooka choncho.

Tsiku lina anandikodola, botolo lili m'manja.

"Tabwera mphwanga, maso angawa atha. Aka n'kenikeni, eti?"

Ndinakayang'anitsitsa. Mizere inalipo, yowala bwino, koma kumchira kunali kufiira. Ndinkafuna kunama, koma anaonera pankhope panga. Anagwada movutikira, n'kupendeketsa botolo pang'onopang'ono mpaka kansombako kanatuluka.

"Ndimati pakapezeka ngakhale kamodzi kokha," anatero chamumtima, "ndikakhala ndi pomuyambira Noelene tikakaonana."