Galimoto Yosakankhidwa

Achimwene anga anabwera kuchokera ku Joni ndi galimoto yaikulu yotuwa, yaitali miyendo, yokoka ndi matayala onse anayi. Zinali zaka zimene mafoni am'manja ankangoyamba kuoneka pa Boma. Pobwerera anaisiya m'manja mwanga, osati mwa mwamuna aliyense wa pamtundu pathu, ndipo alipo ena kwathu ku Jenala amene nkhani imeneyi ikuwawawabe mpaka lero. Anandiphunzitsa kuyendetsa pabwalo la mpira la pasukulu imene ndinkaphunzitsa. Inali ya otomatiki, yosintha yokha magiya, ndiye amuna ankati ndi galimoto ya alesi, n'chifukwa chake ngakhale mzimayi akuitha. Ine ndinkawayankha kuti chabwino, inu olimbikira pitirizani kupalasa njinga.

Tsiku lonyamuka achimwene anandiuza mawu ochepa. Anati, "Mlongo, iyi sikankhidwa. Ikakana kulira usaitane anthu, yamba waifufuza chimene chaivuta. Ndipo poiliza, chogwirira giya chikhale pa chilembo cha P, phazi pa buleki." Ndinavomera ngati mmene munthu amavomerera malangizo a wapaulendo, maganizo ali kwina.

Chaka chotsatira tinali ndi ukwati wa mwana wa malemu mng'ono wanga, mtsikana amene ndinamulera ine mayi ake atamwalira. Mng'ono wangayo pa ukwati wake anayenda wapansi mpaka ku tchalitchi, diresi lobwereka linakafika lofiira ndi fumbi mpaka m'mawondo, ndipo azimayi akuchimuna anaseka osabisa mano. Moyo wake wonse ankaikamba nkhaniyi ngati nthabwala, koma ine ndinkadziwa kuti inali chilonda. Ali gone pamphasa, akudwala matenda omaliza, anandiuza kuti, "Akulu, mwana wangayu asadzapite ku ukwati wake ngati mmene ndinapitira ine." Ndinalonjeza nthawi imene ndinalibe ngakhale wilibala.

Tchalitchi chathu chinali cha kunthambi, kutali ndithu, kutsidya kwa mtsinje. Ansembe ankabwera panjinga yamoto mwa apo ndi apo, ndipo anali atanena kale kuti dzuwa likafika pamutu iwo anyamuka, chifukwa kwina kunali ubatizo. Akapita, ndiye kuti ukwati udikire ulendo wina, pamene mkwati tchuthi chake ku esiteti ya tiyi chinali chikutha, mbuzi zinali zitaphedwa, thobwa litadzaza migolo, kalongonda atawira kale.

M'mawa wa Loweruka limenelo ndinadzuka mutu ukulira chifukwa cha gumbagumba amene anaphokosera pa mchezo mpaka kucha. Galimoto inali pansi pa mtengo wa mango, atsikana ataikongoletsa ndi maluwa ndi timapepala. Mkwatibwi anatuluka atavala zoyera, nsapato zoyeranso, anthu anayala zitenje kuchokera pakhomo mpaka pagalimoto. Analowa kumbuyo. Ine ndinakhala pa chiwongolero ndi chitenje changa chatsopano, nthungululu zili pakamwa pa azimayi, n'kupotokola kiyi.

Inangoti tche, tche, tche, basi. Ndinayesanso. Tche, tche. Nthungululu zija zinazilala imodziimodzi.

Malume anga, amenenso anali ankhoswe, anayendetsa lole kwa zaka zambiri ku maesiteti a ku Mulanje, ndipo pankhani ya galimoto palibe amene ankawatsutsa. Anafika pawindo, jekete lili paphewa.

"Tsika, mwana wanga. Izi n'zazing'ono. Anyamata, bwerani kuno, tikankhe."

"Malume, iyi sikankhidwa."

"Galimoto yosakankhidwa unaiona kuti iwe? Ine ndinayamba kukankha galimoto amako asanakubereke."

Kunena zoona, sankanama. Kwathu galimoto iliyonse inkalira ndi mapewa a anthu. Oyendetsa matola ankaimika galimoto zawo pamtsetse, mwala kutsogolo kwa tayala, ndipo wokwera aliyense ankadziwa kuti asanakhale pansi ayenera kukankha kaye. Ndiye mawu anga anamveka ngati mwano wa mzimayi wophunzira pang'ono. Pamaso pa khamu, tsiku la ukwati, sungalimbirane kiyi ndi malume ako. Ndinatsika, ndinatsitsanso mkwatibwi, mtima ukuwira.

Anakankha ndi nyimbo, poti anthu akwathu sagwira ntchito chete. Galimoto inatsetsereka njira yopita kumtsinje, malume ali pa chiwongolero, akufuula kuti onjezerani. Inagwedezeka kangapo, osalira. Mtsetse utatha inalowa mumchenga wa mtsinje wouma n'kukhala pansi ngati ng'ombe yokana goli.

Nditafika, malume anali atatsika, akupukuta thukuta. Anati, "Injini yafa iyi. Zinthu za ku Joni n'zonyenga maso." Wina kumbuyo anayamba kale kunong'ona kuti pali munthu amene sakufuna ukwatiwu. Mkwatibwi ananditumira uthenga kuti avula diresi, alikulunga m'chitenje, akwere kabaza. Ndinabweza uthenga kuti akavula diresilo ine ndi iye tidana. Ndinali ndi mantha, ndisabise, koma ukali unaposa mantha.

Ndinatenga kiyi m'manja mwa malume popanda kupempha. Ndinaliza hutala, inangolira ngati kamwana ka mbuzi kodwala. Ndinayatsa nyali n'kuuza mlamu wanga wina aone kutsogolo. Anati zikungofiira ngati khala. Dizilo ndinali nditathira dzulo lake pa Boma, ndiye vuto silinali mafuta. Ndinatsegula boneti. Batire linalipo, koma litakhala mopendekera, chitsulo cholimangira chili lende, ndipo mitu yake inali ndi zipsera zatsopano za sipanala. Waya wina ndinangomugwedeza ndi chala, n'kuvuka.

Ndinatembenuka. "Batire ili walikhudza ndani?"

Anthu anayamba kuyang'ana phiri la Michesi ngati aliona koyamba.

"Ndati walikhudza ndani? Gumbagumba uja walira ndi chiyani usiku wonse?"

Apa ndi pamene amuna anga, bambo a ana anga enieni, anakhosomola. Anati batire la mwini gumbagumba linatha anthu atangoyamba kuvina, ndiye sakanalola mchezo wa mwana wathu uzizire, alendo akuchimuna ali pomwepo. Anangobwereka la galimoto, monga mmene anthu amachitira pa maukwati onse, n'kulibwezera m'bandakucha. Anati, "Timati ikavuta tingokankha, mayi."

Ndinawayang'ana bambo amenewa. Zimene ndinafuna kunena sizinali zoyenera tsiku la ukwati, ndiye ndinangoti, "Bambo, mwavina bwino. Tsopano kwerani njinga."

Pa malo ogulitsira malonda apafupi panali bambo wina wachisilamu wogula nandolo, amene anali ndi lole yakale. Ndinatuma amuna anga kumeneko kukabwereka batire. Amuna anga sanapalasepo njinga ngati tsiku limenelo, suti ili pathupi. Podikira ndinapala mitu ya mawaya ndi mpeni mpaka inawala, kwinaku ndikuyang'ana mthunzi wa galimoto ukufupika pamchenga. Anabwera ndi mwini loleyo, batire atalimanga pakaliyala ndi mphira. Bamboyo anati lole ingodikira, nandolo sathawa, koma ansembe amathawa.

Tinaika batire lake, ndinamanga mawaya ndekha mpaka sipanala inandipweteka m'manja. Hutala inalira mpaka ana anabalalika. Nyali zinawala masana. Azimayi anayambanso kukonza kukhosi, kukonzekera nthungululu. Ndinakhala pampando, n'kupotokola kiyi.

Panalibe kanthu. Ngakhale tche uja panalibe. Timagetsi ta kutsogolo kwa chiwongolero tinayaka bwinobwino, koma injini inali duu.

Malume anapukusa mutu. "Ndinanena ine. Mwana akwere njinga, nthawi yatha."

Apa ndiye misozi inafika m'maso, ndipo ndinaweramitsa mutu kuti anthu asaione. Kuwerama kumeneko ndi kumene kunandipulumutsa. Maso anga anagwera pa chogwirira giya. Sichinali pa P. Chinali kumunsi, pa nambala 2.

"Malume, giya iyi mwaiika pa 2 ndinu?"

"Nanga galimoto yokankha amailiza ndi giya yanji? Yachiwiri, aliyense amadziwa."

Ndinaponda buleki, ndinakankhira chogwiriracho kutsogolo mpaka chinafika pa P, ndinanena kapemphero kamene sindikakumbukira mawu ake, n'kupotokola kiyi. Injini inabangula nthawi yomweyo, utsi wakuda n'kuwaza anyamata amene anali atagwira kale kumbuyo kudikira kukankha.

Phokoso limene linabuka mumtsinje muja simungalimvetse ngati simunalipo. Koma ntchito inali isanathe, chifukwa matayala akumbuyo anali atamira mumchenga. Anyamata anathamangiranso kumbuyo, manja ali okonzeka. Ndinatulutsa mutu pawindo.

"Aliyense achotse manja ake. Wokhudza galimoto iyi sadya mbuzi."

Pambali pa giya panali kachogwirira kena kakafupi, kamene achimwene anandionetsa tsiku lina m'matope. Ndinaika giya pakati, ndinakokera kachogwirirako pa mphamvu ya matayala onse anayi, kenako giya yobwerera m'mbuyo. Galimoto inanjenjemera, inakanda mchenga, n'kutuluka pang'onopang'ono yokha, n'kukwera mtsetse wonse chambuyo mpaka pansi pa mango paja. Malume anabwera wapansi pambuyo pake, ali wefuwefu, n'kulowa kutsogolo, mkwatibwi atalowanso kumbuyo. Titawoloka mtsinje anati, "Komatu ili ndi mphamvu." Ndinati, "Ya alesi imeneyi, malume." Anaseka mpaka kutsokomola.

Mawindo ndinatseka onse ngakhale kunkatentha, kuti fumbi lisalowe. Titatulukira pa tchalitchi, ansembe anali panja, akumangirira chikwama chawo panjinga yamoto, akuchimuna ataima m'magulumagulu nkhope zili zolemera. Ndinagona pa hutala kuyambira pamsewu mpaka pakhomo penipeni pa tchalitchi, ndipo ndinaimika galimoto moti chitseko chakumbuyo chinayang'anizana ndi masitepe. Ansembe anatiyang'ana, anayang'ana dzuwa, n'kuyamba kumasula chikwama chija.

Ndinatsika kukatsegula chitseko. Manja anga anali bii ndi girisi, chitenje chatsopano chija chitabooka ndi madzi a batire, thukuta lili chuchuchu. Ndinabisa manja kumbuyo kuti ndisamudetse. Mwana wa mng'ono wanga anatsitsa phazi pa sitepe, azimayi akuchimuna maso onse ali pansi pa diresi, monga amachitira. Mpendero wake unali woyera mbee, nsapato zomwe.

Iye anaona kumene ndinkayang'ana. Anakoka dzanja langa lakuda lija kuchokera kumbuyo, analigwira zolimba ndi gulovu wake woyera, n'kunena chapansipansi kuti, "Amayi, tiyeni mukandiperekeze." Gulovuyo anada pomwepo, ndipo anakana kumuvula mpaka ukwati unatha.