Tsiku limene anazimitsa injini pakati pa nyanja

Ndikudziwa kuti mbiri yanga ndi ya mabodza, koma izi zokha n'zoona, kafunseni aliyense ku Chiwanga. Ndinali mu desima, kalasi yakhumi, nthawi imeneyo, ndipo atate ndi mng'ono wawo anali atatha zaka osalankhulana chifukwa cholimbirana boti la malemu agogo. Botilo linkangowola pamchenga, ife usipa tikugula kwa anzathu ngati alendo, ngakhale pamaliro amuna awiriwo ankakhala mofulatirana. Inuyo mukanangoyang'ana?

Mnzanga wa ku Msumba anandionetsa IA, nzeru za makina zija, yomwe ukaipatsa mawu a munthu imalankhula ngati mwini wake, mpaka katsokomole kake. Ndinatola ma audio akale, mauthenga a mawu a pafoni, a onse awiri, n'kupanga atate akupepesa kwa mng'ono wawo, abambo aang'ononso akupepesa kwa achimwene awo kuti analakwa, magazi ndi amodzi. Ndinatumiza kuchokera pa nambala yatsopano, aliyense yake. Amayi anandinong'oneza kuti atate atamvera anapita kuseri kwa nyumba kukapukuta maso, ndipo posakhalitsa awiriwo anali akumata boti limodzi, ine kumangodziombera m'manja chamumtima.

Tsiku lokaliyesa anandiitana kuti ndizikapa madzi. Tili kutali, mapiri a ku Maniamba akuoneka ngati utsi, mwera utayamba, abambo aang'ono anazimitsa injini. Aliyense anatulutsa foni yake n'kuliza audio ija, kenako atate anandiuza mofatsa kuti dzulo lake anathokozana chifukwa choyamba kupepesa, ndiye atulukira kuti palibe anapepesapo. Anafunsa ngati ndikuudziwa mzimu umene ukubwereka pakamwa pawo. Mafunde akudumphira m'boti, onse akundiyang'ana ndi nkhope imodzi, abale inu! Abambo aang'ono anafunsa ngati mwana wasukulu angasambire mpaka kumtunda, atate akuti tiyeni timuyese. Wina anagwira mikono, wina miyendo, n'kuyamba kundizunguza pamwamba pa madzi akuda bii, ine kukuwa kuti ndine, ndine ndinapanga!

Sanandiponye. Anandigwetsera m'madzi onunkha nsomba a pansi pa boti, n'kuseka mpaka misozi, kuseka limodzi koyamba chimwalirireni agogo. Foni anandilanda, ndipo kwathu lero audio sakhulupiriranso, ngakhale azakhali a ku Lichinga anene kuti akudwala, mpaka wina akwere galimoto akawaone.

Ine ndimakhulupirira kuti makina sadziwa kupepesa, amangonama bwino, koma bodza langalo likudyetsa nyumba ziwiri. Mpaka pano atate sanapepese, abambo aang'ono sanapepese, nanga ine ndiyambirenji? Chenjezo langa ndi ili: mawu a m'bale wanu akakulizani pafoni, pitani mukaone pakamwa pake kaye. Ndipo anzanga okonda kupusitsa akulu, akakuitanani kuti mukakape madzi, nenani kuti muli ndi mayeso.