Mama Upokoina ndi Njinga Yawo Yofiira

Pachilumba cha Mangaia, m'nyanja yaikulu ya Pacific, njinga yamoto sifika pokalamba. Mphepo yakunyanja imabwera ndi mchere, mcherewo n'kumadya chitsulo mwakachetechete, moti pakatha zaka zitatu kapena zinayi mwiniwake amangoikankhira kuseri kwa nyumba, nkhuku n'kuyamba kuikira mazira pansi pake. Koma ya Mama Upokoina a ku Ivirua inakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi isanawachititseko manyazi. Akangoponda kamodzi, yalira.

Mayiwa anakhalako ku Auckland, m'dziko la New Zealand, zaka khumi ndi chimodzi, akuchapa nsalu za odwala pachipatala china. Bambo awo atayamba kufooka, iwo ndi amuna awo anabwerera kumudzi kudzawasamala ndi kudzalima madimba a taro, mbewu yonga chilazi. Anzawo pobwerera ankatenga mafiriji ndi mipando yawofuwofu. Iwo anatenga kanjinga kofiira kali m'bokosi lamatabwa. Tsiku lolitsitsa m'sitima kuliika m'boti nyanja inali itawinduka, ndipo akuluakulu a padoko amakumbukirabe mayi ataimirira pathanthwe, manja m'chiuno, akukalipira amuna asanu ndi atatu kuti bokosilo likanyowa asayerekeze kutsikira kumtunda.

Nthawi imeneyo pachilumbapo panalibe makaniko weniweni. Injini itayamba kutsamwa chaka chachiwiri, Mama Upokoina anatenga kabuku kamene kanabwera ndi njingayo n'kumasula kabuleta okha. Kumasulako sikunavute. Kubwezeretsa kunawatengera masiku asanu ndi anayi akuyenda wapansi, ndipo kasipuling'i kotsiriza anakapeza m'mbale ya galu. Kuyambira pomwepo, akafuna kumasula chilichonse amayamba ayala nsalu yoyera pakhonde, n'kumandandalika tizitsulo m'ndondomeko yomwe tachokera, ndipo munthu sadutsapo mpaka ntchito itatha.

Ntchito yawo inali yokazinga madonasi. M'mawa uliwonse ankadzaza kireti, kuimangirira kumbuyo, n'kuzungulira midzi itatu yonse: kwawo ku Ivirua, ku Oneroa kumene kuli masitolo ndi sukulu yaikulu, kenaka ku Tamarua. Akafika pakhomo sankayamba ndi tiyi. Ankadikira injini izizire, n'kutunga madzi amvula m'thanki, kuitsuka njingayo kuyambira kunyale mpaka kunsi kwa chishalo, kenaka kuipukuta ndi thaulo lakale mpaka iume. Loweruka linali la tcheni. Ankachinyika m'palafini, kuchikwecha ndi msuwachi wotha, kuchiyanika, n'kuchidonthezera oilo pamfundo iliyonse. Masipoko ankawagogoda imodziimodzi ndi sipanala, khutu lili pafupi, ndipo yomwe yalira mogontha ankaimanga pomwepo.

Amuna awo, Papa Nooroa, anali msodzi wa nthabwala zosatha, ndipo pofika nthawiyi anali atapha kale njinga zisanu. Ankapita nazo mpaka pamene mafunde amaswekera, pobwerera n'kukoleka nsomba zikuchucha madzi pahandulo.

"Mayi a Moeroa," ankatero atakhala pampando wawo wapakhonde, "ine ndikatsokomola mumangoti ndikathyole mandimu. Koma ichi chikangotsokomola kamodzi, mwagwada kale pansi kuchifunsa pamene pakupweteka."

"Njingayi ikati yadwala, yadwaladi. Inu mumadwala tsiku lopalira taro lokha."

"Ndinakwatira mkazi mmodzi, koma ndikuona ngati m'nyumba muno tilimo amuna awiri."

"Ndiye mnzanuyo amagwira ntchito, samalongolola."

Amayi anzawo a kutchalitchi ankabwera ndi njinga zawo zikafa, koma Mama Upokoina sankakonzera munthu. Ankatulutsa sipanala n'kumupatsa mwiniwakeyo, iwo n'kukhala pambali. "Manja muli nawo, achemwali. Masulani apa. Ayi, mukumanga pamenepo, pindirani uku." Ena ankachoka akunyinyirika kuti mayiyu ndi wouma mtima. Koma patapita zaka, ku Ivirua kunalibe mayi wosadziwa kusintha pulagi kapena kumata chubu, ndipo sitima yobweretsa katundu ikachedwa miyezi itatu, njinga zomwe zinkayendabe zinali za azimayi.

Ngozi inawapeza ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri, sabata ya ukwati wa mdzukulu wa achemwali awo. Ankatsetsereka pamsewu wodutsa pakati pa miyala yakuthwa kulowera ku Tamarua pamene chinkhumba chachikazi chinatulukira patchire, tiana tili pambuyo. Anafinya buleki yakutsogolo, waya n'kuduka. Anaponda yakumbuyo, tayala linaterereka pamiyala, iwo n'kukagwera padzanja lamanja.

Anawapeza ndi mphunzitsi wina, Tuakana, amene ankabwera pambuyo pagalimoto. Dzanja linali litapindika moti mphunzitsiyo anayang'ana kumbali.

"Mama, musagwedezeke, ndikunyamulani!"

"Yambani mwadzutsa njingayo, aphunzitsi, petulo akutayika. Ine sindikudontha."

Nkhumba ija inali itabwerera, ikudya madonasi mumsewu.

Anawakweza ndege kupita nawo kuchipatala chachikulu, pachilumba cha Rarotonga. Fupa linali litathyoka pawiri, ndipo anakhala kumeneko milungu itatu. Mwana wawo Moeroa, yemwe amakhala ku Auckland, ankaimba foni tsiku ndi tsiku, nkhani yake imodzimodzi: njinga igulitsidwe, amayi apume, ngati n'kotheka asamukire kwa iye. Mama Upokoina ankangoti tikambirana. Chomwe chinkawadya mumtima chinali choti njinga yawo ili m'manja mwa munthu amene anapha zisanu.

Atafika pakhomo, dzanja lili m'chikhakha, anaipeza pakhonde itafunditsidwa nsalu yapabedi ya alendo. Papa Nooroa anavundukula monyadira. Anali akuitsuka tsiku lililonse, ndipo poopa dzimbiri anaipaka mafuta a kokonati paliponse: pathanki, pachishalo, pamatayala, ngakhale pamabuleki. Inkanyezimira ngati nsomba yongovuulidwa, ndipo nyerere zinali zitapanga msewu kuchokera pansi mpaka pagalasi.

Mama Upokoina anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinali ya kuseka kokha.

"Bambo a Moeroa, mumafuna kuiwotcha tidye?"

"Dzimbiri mukuliona?"

"Sindikuliona."

"Basitu. Zinazo ndi nsanje."

Milungu isanu ndi umodzi yotsatira anasinthana malo. Mama Upokoina anakhala pampando uja, Papa Nooroa n'kugwada pansalu yoyera. Anachotsa mafuta onse ndi sopo ndi madzi ofunda, anawongola chitsulo chopondera, anaphunzira kuti nati simangidwa ngati mukumanga bwato. Bamboyo ankatukwana masipanala, masipanala n'kumamusenda zala, koma sanathawe.

Tsiku losolola waya wa buleki uja, Papa Nooroa anauyang'anitsitsa. Tinsambo take tinali titadyeka m'kati.

"Mchere uwu," anatero. "Palibe akanadziwa."

Mama Upokoina anapukusa mutu. "Ine ndinkadziwa. Ndinaona tinsambo tiwiri titaduka milungu iwiri ngozi isanachitike. Waya watsopano ali m'chitini cha mabisiketi m'kabati, ndinaugula kalekale. Ndinati ndisintha ukwati ukatha."

Papa Nooroa anangopita kukatenga chitinicho.

Nkhaniyo ikanathera pakhonde pomwepo, chifukwa chilumba chonse chinali chitagamula kale kuti yolakwa ndi nkhumba. Mwini nkhumbayo, Papa Mataiti a ku Tamarua, anali atanenedwa mpaka kuleka kupita kusitolo. Loweruka lina anafika pakhomopo atavala malaya a kutchalitchi, chipewa chili m'manja, ndipo ananena kuti nkhumbayo aipha abweretse nyama yonse ngati chipepeso.

"Achimwene, nkhumba ija ili ndi ana angati?"

"Asanu ndi awiri, Mama."

"Ndiye muwasandutse amasiye chifukwa cha ulesi wanga? Iyo imangodutsa. Buleki yanga ikanakhala yabwino ndikanaima. Ingoimangani chingwe basi."

Mawa lake mapemphero atatha Mama Upokoina anabwerezanso mawu omwewo pabwalo la tchalitchi, mokweza, waya wodukawo ali m'manja, kuti aliyense auone. Sabata imeneyo anthu ambiri anaoneka atawerama panjinga zawo akusuzumira mawaya.

Moeroa anabwera pa Khirisimasi ali ndi cholinga chotenga kiyi. Anapeza chikhakha chachotsedwa, amayi ake akufinya kampira kuti zala zilimbe, madonasi atayambiranso kuzungulira midzi. Anakangana masiku anayi, pophika, pochapa, ngakhale pobwera kumanda a agogo ake.

"Amayi, tsiku lina mudzatisiya pamsewu."

"Ndidzakusiyani ndithu, mwanawe. Koma ukandikhazika pampando ku Auckland ndiziyang'ana pawindo, ndikusiyani msanga."

"Nanga dzanjalo likakanika kufinya buleki?"

"Tsiku limenelo kiyi ndidzakupatsa ndekha. Sindinakunamizepo. Za waya uja anakuuza ndani, si ine?"

Zinalidi zoona, anamuuza ndi iwo. Tsiku lobwerera, galimoto yomwe inayenera kumutenga sinabwere. Mama Upokoina anatulutsa njinga, anaponda kamodzi, n'kumuuza akwere. Moeroa anakhala kumbuyo, chikwama chili pamiyendo, dzanja limodzi litagwira amayi ake m'chiuno. Njira yonse ankayang'anitsitsa zala zawo. Pamtsetse uliwonse zinkafinya bwinobwino, ndipo pomwe panali nkhuku kapena mwana wa mbuzi mayiwo anali atachepetsa kale liwiro iye asanazione.

Pabwalo la ndege Moeroa sananenenso za kiyi. Patatha mwezi kunafika katundu wochokera ku Auckland: chisoti cholimba choyera, ndi kalata ya Moeroa yoti amayi ake akapanda kuchivala, azakhali ake adzamuuza. Mama Upokoina anachitembenuzatembenuza n'kunena kuti chikufanana ndi poto. Amachivala ndithu, koma nkhata ya maluwa imene amayi a kumeneko sayenda opanda, iwo amaiika pamwamba pa chisoticho, ndipo poti imaterereka, anaibowolera timabowo tiwiri m'mbali n'kuimangirira ndi ulusi wa mbedza wa amuna awo.