Sukulu ya pa foni inatidyera zaka ine ndi mng'ono wanga

Inu owerenga, ndalimba mtima kulemba nkhaniyi kuti zimene zinagwa pakhomo pathu zisagwerenso wina. Ndinakhulupirira sukulu ya pa intaneti osaifufuza, ndipo wavulala kwambiri si ine ayi, koma mng'ono wanga.

Ndine mayi wa mwana mmodzi ndipo ndimakhala ku Senga Bay. Sukulu ndinalekezera Fomu 3 nditatenga pathupi. Kenako ndinapeza ntchito pa loji ina, yoyala mabedi, kuchapa ndi kusita. Chingerezi ndimayankhula ndithu, koma mwayi wa ntchito yolandira alendo ukapezeka, bwana ankandiuza kuti popanda satifiketi ya Fomu 4 palibe chimene angachite. Atsikana ongobwera kumene ankakhala pa desiki, ine ndili kuseri ndi beseni. Zinkandiwawa.

Tsiku lina ndinaona uthenga pa foni wonena za sukulu yomalizitsa sekondale munthu ali pakhomo pake. Nditaimba, anayankha bambo aulemu kwambiri amene anati ndi mphunzitsi wamkulu. Ndinalipira kudzera pa foni pomwepo ndipo anandilowetsa m'gulu la ophunzira. Musaganize kuti maphunziro kunalibe. Ankatumiza manotsi, mavidiyo ndi mafunso, ine n'kumawerenga nthawi yopuma masana, nditakhala kuseri kwa chipinda chochapira kumene netiweki imagwira bwino. Ndinayamba kudzimva ngati munthu.

Mng'ono wanga, amene pano ndimutchula kuti Esinati, anali Fomu 3 pa sukulu yoyendera ku Lifuwu, kumene amayi athu amalima mpunga. Anali wanzeru kundiposa ndipo ankafuna unamwino. Sukulu yake inali kutali, moti nthawi ya dzinja ankafika m'kalasi matope ali m'miyendo. Ndinauza amayi kuti mwanayu akuvutikira chabe, abwere kwa ine tiziphunzira limodzi pa foni. Chilungamo chake n'chakuti ndinkafunanso wondisamalira mwana ndikapita kuntchito.

Amayi sanakondwe. Anandifunsa kuti, "Iwe, sukulu yakoyo ili ndi khomo loti munthu n'kukagogoda zikavuta?" Ndinaseka, n'kuwauza kuti dziko linasintha. Aphunzitsi a Esinati anatumiza uthenga kuti tisamuchotse, koma sindinawayankhe n'komwe. Iye anandimvera chifukwa ndine mkulu wake.

Nthawi yolembetsa mayeso itafika, Esinati anamva kuti anzake akale ajambulidwa zithunzi ndipo apatsidwa manambala a mayeso. Anandifunsa kuti nanga ife bwanji. Ndinaimbira bambo aja ndipo anati mayeso athu ndi akunja, amalembedwa pa foni ndipo amaposa a kuno. Ndinakhulupirira chifukwa ndinkafuna kuti zikhale zoona. Tinalembadi titakhala pamkeka, mwana akusewera pambali. Tonse tinakhoza mochititsa kaso, ngakhale masamu amene mafunso ambiri ndinangowasiya osayankha. Pamenepo mpamene ndikanadzidzimukira, koma chimwemwe chinanditseka maso.

Masatifiketi anabwera pa foni. Tinakawasindikiza ku Salima, n'kuwakuta ndi pulasitiki. Amayi anabwera ndi mpunga ndi nkhuku, azimayi a kutchalitchi analulutira, ndipo anthu anatijambula titanyamula mapepalawo.

Yanga ndinakapereka kwa bwana, amene anandiyamikira n'kunena kuti aitumiza kaye kwa oona za mayeso kuti akaitsimikize. Esinati anapita ndi yake ku koleji ina ya zaunamwino ku Lilongwe. Kumeneko anamufunsa nambala ya mayeso ndi kumene analembera. Atanena kuti analembera pa foni, ena pamzere anaseka. Anamuuza kuti pepala limenelo silidziwika kulikonse, ndipo athokoze kuti sanamuitanire apolisi. Anabwerako maso atatupa.

Pasanapite nthawi bwana anandiitana mu ofesi. Anati ndawabweretsera satifiketi yabodza ndipo munthu wotere sangamusiyire makiyi a zipinda za alendo. Ndinawaonetsa manotsi onse a pa foni, ndinagwada, ndinalira, koma sizinathandize. Ntchito inatha tsiku lomwelo.

Nambala ya bambo aja inasiya kupezeka, gulu lija linafufutidwa. Ndinapita ku Lilongwe kukafufuza malo amene ankati ndi ofesi yawo, ndipo ndinapeza kashopu kometera tsitsi. Apolisi analemba dandaulo langa n'kundiuza kuti si ine woyamba. Mpaka lero sindinamve chilichonse.

Esinati anabwerera ku Lifuwu. Anzake amene anali nawo m'kalasi anali atalandira zotsatira zawo zenizeni, ndipo wina amene iye ankamuthandiza masamu anali atasankhidwira ku koleji. Ndinamupempha kuti abwerere Fomu 3, ndizimulipirira ndi geni ya mandasi imene ndinayamba. Anakana. Anati sangakhale m'kalasi limodzi ndi ana amene anamuona pa zithunzi akuvina ndi pepala labodza. Patapita miyezi anakwatiwa ndi bambo wina wogula nsomba, amene ali ndi mkazi wina kale.

Ndinapita kukamuona. Ndinamupeza akuyanika usipa pathandala, mimba ikuoneka. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula mosakweza mawu. "Asisi, inu munalibe sukulu, n'zomveka. Koma ine ndinali pa sukulu kale. Munandichotseranji?"

Inu owerenga, kuphunzira pa intaneti si kolakwika, ndipo sukulu zoona ziliko. Koma musanalipire, funsani kuti mayeso mukalembera kuti komanso ngati mudzapatsidwe nambala. Pitani pa sekondale imene muli nayo pafupi, aphunzitsi akuuzeni ngati sukuluyo akuidziwa. Mukakhoza zimene simunayankhe, dziwani kuti mwaberedwa. Koposa zonse, mwana amene ali kale m'kalasi musiyeni momwemo, ngakhale sukuluyo italike bwanji. Ine ndalembetsa sukulu ya masana ndipo mwina ndidzalemba mayeso enieni. Esinati akuyembekezera kuchira mwezi wamawa, ndipo ndikamuimbira sayankha.