Mwana wanga woyang'ana pansi

Mwana wanga wamkazi ndinamulera momwe anandilerera ine: wamkulu akamalankhula, maso pansi, pakamwa potseka. Tinafika naye ku Wakefield ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinalumbira mumtima kuti Mangalande sandilanda mwana ameneyu. Kutchalitchi azimayi ankandiyamikira. Ana a anzanga ankalowa m'nyumba za eni ndi moni wa chala chimodzi, pomwe wanga ankalandira kapu ya tiyi ndi manja awiri, bondo litapindika pang'ono. Ndinkanyada nazo, sindingabise.

Ndine namwino pachipatala cha boma, ndipo masiku anga sayenda ngati a anthu ena. Makalata a kusukulu ndinkawawerengera m'basi, maso akulemera. Kwathu kholo likaitanidwa kusukulu ndiye kuti mwana waswa galasi kapena wamenya mnzake. Choncho kalata yoitanira makolo ikabwera ndinkamufunsa kuti walakwa chiyani. Akati palibe, ndinkaipinda n'kuiponya m'chikwama. Ali ku pulayimale ndinapitako kawiri. Aphunzitsi anati ndi mwana wofatsa, wosavuta. Nditafunsa kuti wakhala nambala chani m'kalasi, anamwetulira n'kunena kuti kuno ana sawaika pa manambala. Ndinathokoza kwambiri, ndipo atalowa sekondale sindinapondeko phazi.

Mumpingo mwathu muli mayi wina amene tonse timangomutchula kuti amake mapasa. Kumudzi anaphunzitsa masamu pasekondale ina ku Kasungu zaka zambiri. Kuno amasambitsa ndi kudyetsa okalamba kumalo owasamalira. Mapasa awo anali pasukulu imodzi ndi mwana wanga. Lamulungu lina titaweruka, tikumwa tiyi, anaimirira ndi timapepala m'manja n'kulengeza kuti akupikisana nawo pa mpando wa makolo mu komiti yoyendetsa sukuluyo. Tinawaseka. Bambo wina anawafunsa kuti nsalu za chipani agawa liti, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankangotchedwa Olemekezeka. Ine ndinaseka kuposa onse. Mumtima ndinkati munthu wobwera ndi viza ya ntchito, n'chiyani chomwe angawaphunzitse eni sukulu?

Maganizo awo ndinawamvera bwino pa siteji ya basi, Lachitatu lina masana kukuwaza kamvula kosatha kaja. Basi inachedwa, ndiye ndinalibe kothawira. Anati sukuluyo ndi yabwino, aphunzitsi ake ndi akhama, koma pali khomo limodzi lomwe ana athu amagwerapo. Ku Kasungu, m'kalasi modzaza mpaka pakhomo, mwana wanzeru ankamudziwira m'kope, chifukwa onse ankakhala chete mofanana. Kuno mphunzitsi amamvera pakamwa: amene wakweza dzanja, amene watsutsa, amene wanena kuti ntchito yamuchepera. Mwana wophunzitsidwa kuyang'ana pansi amaoneka ngati sakumva. Chomwe ankafuna akalowa mu komiti chinali choti sukulu izilembera kholo mosazungulira gulu lomwe mwana waikidwa, ndiponso zitseko zomwe gululo limatseka kutsogolo. Ankafunanso misonkhano ya makolo pa nthawi yomwe ife a mashifiti tingafike, osati madzulo amodzi pachaka basi.

"Koma mlandu waukulu ndi wathu, amake mwana," anatero. "Ana tinawasiya kusukulu ngati chimanga kuchigayo, ife tili panja kudikira ufa. Wanu ali gulu liti la masamu?"

Sindinkadziwa n'komwe kuti kuli magulu. Manyazi anandigwira, ndipo ine manyazi akandigwira ndimapsa mtima.

"Mwana wanga ndi wanzeru, amake mapasa. Musamuyerekeze ndi ana osamva."

"Sindinakane. Ndangofunsa gulu."

Anandifotokozera modekha kuti ana a magulu a pansi amalemba pepala losavuta pa mayeso omaliza, koma pepalalo lili ndi denga: ngakhale utakhoza zonse, sungapitirire malire ena. Ndipo zimenezi zimakhazikika mayeso asanafike, nthawi ikadalipo yambiri. Mwana wanga chiyambire ali wamng'ono ankanena kuti adzakhala katswiri wa mankhwala, wovala chovala choyera kuseri kwa kauntala. Amake mapasa anati ntchito imeneyo siyingadutse pansi pa denga limenelo. Basi itafika ndinakhala mpando wakutali ndi iwo.

Kunyumba ndinamupeza akupinda zovala. Ndinamufunsa gulu lake. Anayang'ana pansi, monga ndinamuphunzitsira, n'kunena kuti lachinayi. Magulu onse analipo asanu. Ndinakalipa mpaka anthu a khoma linalo ayenera kuti anamva. Nditatopa, anandiyankha m'Chingerezi, chifukwa Chichewa amamva koma chikafika pakamwa chimamulemera. Anati ntchito ya m'gululo ndi yophweka, amamaliza msanga n'kukhala chete mpaka belu lilire. Zinayamba pomwe analakwitsa mayeso oyamba atangolowa sekondale, ndipo chichokereni palibe anamusuntha.

"Nanga bwanji sunawauze aphunzitsi kuti ntchito yakuchepera?"

Anasalaza malaya omwe anali osalala kale.

"Munati wamkulu sitimuuza zochita."

Ndinalowa m'bafa n'kutseka chitseko. Ndinalira, chifukwa mwanayo sananame.

M'mawa mwake ndinaimbira amake mapasa, Olemekezeka omwe aja. Sanandikumbutse za kuseka kwanga. Anangondilangiza kuti ndipemphe kukumana ndi mphunzitsi wa masamu, ndinyamule makope onse, ndipo ndisayambe ndi kuthokoza. "Ife timathokoza tisanamve zomwe tapatsidwa," anatero. "Funsani kaye. Paja safunsa anadya phula." Ndinasinthana tsiku ndi mnzanga wa kuwodi n'kupita limodzi ndi mwana wanga.

Mphunzitsiyo anali bambo wooneka wotopa koma waulemu. Ndinapita nditakonzeka kumenya nkhondo, koma nkhondo sindinaipeze. Anatsegula makope, n'kuyamba kutembenuza masamba pang'onopang'ono, nkhope ikusintha. Anavomera kuti ankaona kuti mwanayo akukhoza, koma ankaganiza kuti akukhoza movutikira, chifukwa mwanayo sanamuyang'anepo m'maso, sanafunsepo funso, ndipo akamufunsa ngati wamva ankangogwedeza mutu. Sanafune kumukankhira pamalo pomwe akanamira. Kenako anatembenukira kwa mwanayo n'kumufunsa ngati akufuna kuyesa ntchito ya gulu la pamwamba.

Mwana wanga anali kuyang'ana nsapato zake. Ndinamva chete uja yemwe ndinkanyadira kutchalitchi akudzaza chipinda chonse. Ndinamugwira pabondo n'kunena m'Chichewa kuti, "Dzutsa mutu, uwayang'ane, uwauze." Anandicheukira kaye ine, ngati akufuna kutsimikiza kuti si msampha. Ndiye anadzutsa mutu n'kunena kuti inde, akufuna.

Anamupatsa mayeso patatha milungu ingapo ndipo anamukweza. Sizinali zophweka. Anzake anali atapita patsogolo, ndipo Loweruka lililonse lomwe amake mapasa sanali kuntchito, mwana wanga ankakhala pathebulo lawo pakati pa mapasa, akuwerengera mpaka zala kuuma. Kangapo anabwerako akulira kuti bola gulu lakale lija.

Pa chisankho amake mapasa sanapambane. Mpando anatenga bambo wina wa konkuno amene ankalankhula za bwalo la masewera ndi chakudya cha masana, nkhani zabwinonso ndithu. Ine voti yanga ndinaponya, ndipo ndinayenda ndi mapepala awo mumpingo monse, koma ambiri mwa ife makalata a chisankho anathera m'zikwama momwe ankathera anga aja. Nditapita kukawapepesa anaseka n'kunena kuti nsalu za chipani zinachepa. Anati adzaimanso mpando ukadzapezeka. Mpaka lero akandipeza ndi kholo latsopano lochokera kumudzi, funso lawo loyamba moni asanathe ndi lomwe lija la gulu.

Mwana wanga analemba pepala lopanda denga. Za kauntala ya mankhwala zikadali kutsogolo, sindingalosere. Chomwe ndikudziwa n'chakuti mutu womwe ndinamuuza kuti adzutse tsiku lija sunabwererenso pansi, ndipo sudzukira aphunzitsi okha.

Loweruka lina masana anandipempha kuti apite ku Leeds pasitima ndi anzake. Ndinakana ndisanaganize n'komwe, momwe amayi anga ankakanira. Anaika kapu pathebulo, n'kundiyang'ana m'maso mwenimweni, n'kufunsa kuti chifukwa chiyani. Sanachite mwano, anangofunsa. Mtima unandiwawa. Mawu akale aja anafika mpaka pa lilime, akuti maso pansi ndikamalankhula. Ndinawameza. Ndinakoka mpando n'kukhala, n'kuyamba kufunafuna chifukwa choti ndimupatse, iye ataima pomwepo akundidikira.